Kodi Wothandiza Akapweteka Mosafuna Ali ndi Mlandu?

Pa mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, anthu ambiri a ku Mangochi ndi m'midzi ya m'mbali mwa nyanja anapulumuka chifukwa cha diripi. Kanyula, kachubu kaja kolowetsedwa mu mtsempha, ndiko kanali khomo la moyo wao. Koma khomo lolowera mankhwala ndi lomwenso tizilombo tingalowere.

Pakhungu, m'madzi ndi m'dothi muli tizilombo tambiri tosapweteka munthu wamphamvu. Kwa munthu amene chitetezo cha m'thupi mwake chafooka ndi HIV, khansa, shuga kapena njala, tomweto tikamatirira pa kachubu ndi kulowa m'magazi tingamuphe m'masiku ochepa. Tsono mankhwala nawo sapha tonse: kafukufuku wa magazi a odwala pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kuyambira 1998 kufikira 2016, anaonetsa kuti tizilombo tosamva mankhwala tinachuluka.

Nanga wodwala akafa chotere, mlandu ngwa yani? Tomasi Woyera wa ku Aquino anasiyanitsa choipa chimene munthu sanachifune ndi choipa chobadwa m'kusasamala. Namwino amene anasamba m'manja, napukuta khungu ndi spiriti, nayang'ana pamalopo tsiku ndi tsiku, alibe mlandu, pakuti anafuna moyo ndipo anachita zonse zimene akadatha. Koma amene anadziwa choyenera, nachileka chifukwa cha ulesi, sangabisale m'mau oti "sindinafune". Chikondi chenicheni chimasamala ngakhale zazing'ono. Mu 1847 dokotala Semmelweis, akugwira ntchito ku Vienna, analamula anzake kusamba m'manja ndi madzi a kolorini, ndipo imfa za amayi obereka zinachepa kwambiri.

Komatu si bwino kusenzetsa namwino yekha katundu yense. Kumene kulibe madzi, sopo ndi antchito okwanira, mlandu ufikanso kwa osunga chuma cha chipatala.

Achibale odikirira odwala ali nawonso udindo. Asagwire kanyula ndi manja osasamba, asakanyowetse posambitsa wodwala. Akaona kutupa, kufiira kapena mafinya, kapena wodwala akayamba kutentha thupi ndi kunjenjemera, auze namwino msanga, mwaulemu koma mopanda mantha. Afunsenso ngati kachubuko kakufunikabe, pakuti kakakhalitsa ngozi imakula.

Makatekisiti poyendera odwala akumbutse mabanja zimenezi. Kukhala chete poopa kuoneka wamwano si kudzichepetsa ayi. Madzi akatayika saoleka.