Kuphunzira ndi Kuchita pa Maulendo a Achinyamata Achiyuda

Mabungwe achiyuda a ku America monga NCSY, lomwe linakhazikitsidwa mu 1954, amatengera achinyamata ku Israel pa tchuthi cha Julayi ndi Ogasiti, kumene amakaona Masada ndi Khoma la Kumadzulo ku Jerusalem, amaphunzira Tora, ndiye kuti chilamulo cha Mose, komanso amathandiza osowa. Dongosolo lotere limautsa funso lakale lolembedwa mu Talmud, mabuku a zokambirana za aphunzitsi achiyuda, lofuna kudziwa chopambana pakati pa kuphunzira ndi kuchita. Pamsonkhano wa ku Lod, Rabbi Tarfon anaima pa zochita pamene Rabbi Akiva anaima pa maphunziro, ndipo onse anamanga chimodzi kuti kuphunzira kumapambana chifukwa ndiko kumabala zochita.

Chigamulochi n'cholemera kuposa momwe chimamvekera, pakuti chimaika maphunziro pa mlandu ngati sanabale kanthu. Wachinyamata amene wawerenga lamulo la mu Levitiko lolamula mlimi kusiyira osauka khunkha m'munda, kenaka n'kukathyola masamba ndi bungwe la Leket Israel, lomwe limapulumutsa chakudya chotsala n'kuchigawira anjala, amalimvetsa lamulolo mozama kuposa momwe kalasi ingamuphunzitsire, ngakhale masabata ochepa sangathetse umphawi wa amene akuwathandizawo.