Kodi Nkulakwa Kuti Wamkulu Adye Zonona?

Masiku apitawa pa tchalitchi china m'boma lathu lino la Salima tinalandira alendo olemekezeka. Tinalawirira m'mamawa, ena kukatunga madzi, ena kusosola nkhuku, ena kupeta mpunga. Nkhomaliro itakwana, alendo ndi akuluakulu analowa m'nyumba momwe tinawaikira mpunga, chambo, nkhuku ndi zoziziritsa kukhosi. A kwaya ndi ena onse anadya nsima ya nyemba pansi pa mtengo wa mango. Ife ophikafe tinakokota nkhoko dzuwa litapendeka, ndipo nthawi yonseyi tiana tinali kusuzumira pa zenera. Nditadandaula, mayi wina wachikulire anandiyankha kuti, "Mwana wanga, ndi mmene tinazipezera. Ngakhale kale mafumu sankadya zofanana ndi anthu wamba."

Mayiwa sananame. Koma mawu awo andipatsa funso limene ndikufuna tilingalire pamodzi: kodi nkulakwa kuti wamkulu adye zonona kuposa anzake? Popeza anatchula mafumu akale, tiyeni tiyambe taona mmene mafumuwo ankadyera.

Tikatsika kuchokera pa boma la Salima kulowera ku Mtakataka, timafika pafupi ndi malo otchedwa Mankhamba, pamene panali likulu la a Kalonga, mafumu a Amaravi, m'zaka za m'ma 1500 ndi 1600. Katswiri wofukula zakale, a Yusuf Juwayeyi, atakumba pamalopo anapeza mafupa ochuluka a nyama, mikanda, zidutswa za minyanga ya njovu ngakhalenso zigamphu za mbale zadothi zochokera ku China. Izi zikutiuza kuti kwa mfumu ndiwo sizinkasowa ndipo katundu wakutali ankafika. M'chaka cha 1616 Mpwitikizi wina, Gaspar Bocarro, pa ulendo wake wochokera ku Tete kupita ku Kilwa, anakhala masiku 15 kwa Muzura, mfumu ina yamphamvu ya Amaravi. Mfumuyo inamupatsa mapira, mpunga, nkhuku ndi ng'ombe zoti adye pamodzi ndi anthu ake onse.

Kodi zonsezi mfumu inkazitenga kuti? Zinkachokera kwa anthu. Alimi ankatula gawo la zokolola, alenje ankapereka nyama ndi zikopa za mikango ndi akambuku, ndipo njovu ikaphedwa mnyanga umene wagunda pansi unali wa mwini dziko. Komabe nkhokwe ya mfumu sinali ya mimba yake yokha. Inkadyetsa alendo, obwera kudzamva milandu ndi anthu osowa pa nthawi ya njala. Mpaka lero mfumu yaikulu ya Achewa, imene imakhala ku Mkaika m'boma la Katete ku Zambia, imatchedwa Kalonga Gawa Undi. Dzina lapakatilo tilimvetse bwino: Gawa, ndiye kuti wogawa. Makolo athu ankadziwa kuti ukulu ndi kugawa zimayendera limodzi.

Kumpoto kwathu, ku Nkhotakota, nkhani inali ina. M'zaka za m'ma 1840 kunafika Mswahili wina, Salim bin Abdullah, amene anakhala Jumbe woyamba. A Jumbe analimbikitsa ulimi wa mpunga ndipo anabzala mitengo ya kokonati m'mbali mwa nyanja. Pakhomo pawo alendo ankadya bwino. Koma chuma chimene chinkadzaza mbale zawo chinkachokera ku malonda a minyanga ndi a anthu. Ana a eni ankagwidwa m'midzi, kuwolotsedwa nyanja m'zombo nkukagulitsidwa ku Kilwa, mpaka ulamuliro wa a Jumbe utatha m'zaka za m'ma 1890. Mpunga unali wokoma ndithu, koma unkaphikidwa ndi misozi.

Tsopano tiyeni tione kwa anzathu a ku England, kumene mabuku a kukhitchini ya mafumu anasungidwa bwino. Kunyumba yachifumu ya Hampton Court, m'masiku a Mfumu Henry VIII amene analamulira kuyambira 1509 mpaka 1547, ophika ankadyetsa anthu mazanamazana kawiri pa tsiku. Mu ulamuliro wa mwana wake, Mfumukazi Elizabeth I, m'chaka chimodzi chokha anapha ng'ombe 1,240, nkhosa 8,200, agwape 2,330 ndi nkhumba 1,870. Olemekezeka ankadyera m'chipinda chawo, buledi wawo anali woyera wa ufa wosefa bwino, ndipo ankamwa vinyo wochokera kunja. Antchito ankadyera mu holo, buledi wawo anali wakuda ndipo chakumwa chawo chinali mowa wa tsiku ndi tsiku. M'chaka cha 1517 boma linachita kukhazikitsa lamulo lonena kuchuluka kwa mbale zimene munthu angaikiridwe pa chakudya chimodzi: kadinala mbale 9, bishopu 7, kutsika malinga ndi udindo ndi chuma mpaka mbale 3. Mukuona amayi, tebulo la pamwamba sitinayambe ndife.

Kudya kotere kunali ndi mphotho yake. Olemba mbiri amati Mfumu Henry I inamwalira mu 1135 itadya nsomba ina yooneka ngati mkunga imene sing'anga wake anailetsa. Mlendo wina wa ku Germany amene anaona Mfumukazi Elizabeth mu 1598 analemba kuti mano ake anali akuda chifukwa cha shuga. Mwina matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi zimene zafala pakati pathu lero zikutikumbutsa zomwezo, kuti mimba ilibe ulemu ndi udindo wa munthu.

Komabe pa zinthu ziwiri Angelezi akalewo angatiphunzitse. Choyamba, m'nyumba ya mfumu munali munthu amene ntchito yake inali kusonkhanitsa chakudya chotsala ndi kukachigawa kwa amphawi oyembekezera pa chipata. Zotsala sizifanana ndi chilungamo, koma ankavomereza kuti wosauka ali ndi gawo pa mphika wa mfumu. Chachiwiri ndi nkhani ya shuga. Tiyi anatchuka pakati pa olemera mfumukazi Catherine wa ku Portugal atakwatiwa ndi Mfumu Charles II mu 1662, ndipo m'zaka zotsatira shuga wothira m'tiyimo ankalimidwa ndi akapolo ochokera kuno ku Africa m'zilumba za Caribbean. M'chaka cha 1791 anthu pafupifupi 300,000 a ku Britain analeka kugula shuga ameneyu. Ambiri mwa otsogolera anali amayi, popeza ndiwo ankagula ndi kuphika. Iwo analibe voti, koma anali ndi khitchini.

Tikaika nkhani zonsezi pamodzi, ine ndikuona kuti kukula kwa mphika pakokha si tchimo. Ulemu ndi chinthu chabwino. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndipo amene amuphera nkhuku sanalakwe. Gogo wopanda mano tikamusankhira mnofu wofewa tachita bwino. Munthu amene wasenza udindo wa anthu ambiri, wayenda mtunda wautali kudzatitumikira, ayenera kulandiridwa mwaulemu. Ngati titathetsa zonsezi ponena kuti aliyense ndi wofanana, tidzakhala anthu opanda mwambo.

Koma pali mafunso awiri amene mbale iliyonse ya wamkulu iyenera kuyankha. Loyamba: kodi chakudyachi chafika bwanji pano, ndipo thukuta lake ndi la yani? Lachiwiri: kodi wamkuluyo akakhuta, ndani winanso akhute? Nkhokwe ya Kalonga inkadzazidwa ndi anthu, koma inkatsegukanso kwa anthu. Mbale ya Jumbe ndi kapu ya tiyi wa shuga wa akapolo zinalephera pa funso loyamba. Munthu wachuma uja wa pa Luka 16 analephera pa funso lachiwiri. Sitimva kuti anaba chakudya chakecho. Mlandu wake unali Lazaro amene anali pakhomo pake tsiku ndi tsiku iye osamuona.

Wina anganene kuti, "Ife si mafumu, nkhanizi zikutikhudza bwanji?" Amayi, pakhomo pathu mfumu ya mphika ndife. Chipande chili m'manja mwathu. Nkhuku ikaphedwa, nthutumba, chidale ndi ntchafu zimapita kwa bambo. Ana amalandira zipalapasiro, khosi ndi msuzi. Ena a ife tinakula tikuuzidwa kuti mwana kapena mayi woyembekezera asadye mazira. Chonsecho thupi limene likufunitsitsa nyama, mazira ndi nsomba ndi la mwana amene akukula ndi la mayi wapakati kapena woyamwitsa. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mwa ana 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'Malawi muno, 37 anali opinimbira. Umphawi ndiwo gwero lalikulu la vutoli, sitikukana. Koma kagawidwe ka zochepa zimene tili nazo kali m'manja mwathu. Bambo amene amakonda ana ake sangakwiye kuona mnofu m'mbale ya mwana, makamaka tikakambirana nawo mwaulemu.

Taonaninso kugombe. Msodzi amachezera usiku wonse pa madzi, koma chambo chimene wagwira chimathera ku mahotela a ku Senga Bay kapena ku Lilongwe, ana ake nkumadya bonya, mwinanso masamba okha. Sitingamudzudzule, pakuti akufuna ndalama ya fizi ndi sopo. Koma ife ogula tikamanenerera mtengo mpaka kumufinya mayi wogulitsa usipa kapena mlimi wa mpunga wa ku Lifuwu amene wapanikizika ndi ngongole, tikumbukire funso loyamba lija. Chimodzimodzinso mtsikana wantchito amene amatiphikira: kodi amadya zimene waphika, kapena amadikira zotsala kuseri kwa nyumba?

Nanga pa misonkhano yathu ya mpingo? Mtumwi Paulo anadzudzula Akhristu a ku Korinto chifukwa posonkhana ena ankakhuta pamene ena anali ndi njala (1 Akorinto 11). Sindikunena kuti tileke kulemekeza ansembe athu ndi alendo. Ndikupempha zinthu zing'onozing'ono zimene tingathe. Pokonza bajeti ya phwando tiwerengere ana, okalamba ndi ophika tisanawerengere mabotolo a zakumwa za pa tebulo la pamwamba. Mbale za ana ziomoledwe nthawi imodzi ndi za alendo. Tisamusonkhetse mayi wamasiye nkhuku yake yomaliza kuti idyedwe ndi anthu amene kwawo amadya nkhuku mlungu uliwonse. Ndipo chakudya chikatsala, pakhale mayi mmodzi wosankhidwa woti akapereke kwa odwala amene alephera kubwera, chisanalowe m'zikwama zathu.

Amene tinaona njala ya 2002 tikudziwa kuti zinthu zimatembenuka. Ena amene ankadya katatu pa tsiku anakapempha madeya kwa anansi amene kale ankawapeputsa. Akuluakulu anati kupatsa nkuika.

Kwa mayi wachikulire uja ndikuyankha mwaulemu kuti inde, ndi mmene tinazipezera. Koma tinapezanso dzina lija lakuti Gawa. Ngati titenga mwambo wa mbale yaikulu ya mfumu, titengenso mwambo wa nkhokwe yotseguka.

Mukakumana m'magulu anu Lachinayi, kambiranani mafunso awa:

1. Kodi pakhomo panu ndani amayamba kupatsidwa ndiwo, ndipo chifukwa chake nchiyani?
2. Pa phwando lomaliza la pa tchalitchi panu, ndani anaphika, ndani anasonkha, ndipo ndani anabwerera ndi njala?
3. Ndi chinthu chimodzi chiti chimene gulu lanu lingasinthe pa phwando likubwerali popanda kuchotsa ulemu kwa alendo?

Ambuye akudalitseni pamodzi ndi mabanja anu.