Kodi Mapointi a ku Banki Ndi Mphatso?

M'mayiko angapo masiku ano muli mtundu wa akaunti ya ku banki imene munthu amasungiramo ndalama zogwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku popanda kudulidwa kanthu pamwezi, ndipo nthawi iliyonse akagula katundu ndi khadi la akauntiyo amalemberedwa mapointi, omwe ndi timanambala tosungidwa pa dzina lake, timene angadzasinthanitse ndi katundu m'sitolo tikachuluka. Ku Canada, banki ya President's Choice Financial, yomwe inakhazikitsidwa ndi kampani ya masitolo ya Loblaw, inatsegula akaunti yotere mu 2020, ndipo mapointi ake, otchedwa PC Optimum, akakwana 10,000 amagula katundu wa madola 10. Ku South Africa, kumene kumagwira ntchito Amalawi ambiri, TymeBank inayamba mu 2019 ndi akaunti yosadula pamwezi yomwe inkapatsanso mapointi a Smart Shopper a masitolo a Pick n Pay. Otsatsa malonda amakonda kutchula zinthu zimenezi ndi mawu atatu akuti zaulere, mphoto ndi kukhulupirika, ndipo mawu onsewa anabwerekedwa ku chilankhulo cha chipembedzo ndi chikhalidwe, n'chifukwa chake n'koyenera kufunsa ngati akadali ndi tanthauzo lawo lakale akafika pa kauntala ya banki.

Katswiri wa ku France wofufuza za chikhalidwe cha anthu, Marcel Mauss, m'buku lake lonena za mphatso la mu 1925, anasonyeza kuti m'mitundu yambiri ya anthu mphatso imayenda ndi maudindo atatu, wopereka, wolandira ndi wobweza, kotero kuti mphatso yosamanga wolandirayo ndi yosowa. Akuluakulu akale ananena zomwezi m'mawu ochepa pamene anati kupatsa n'kuikiza. Komabe ngongole ya mphatso siyilembedwa, siyikhala ndi tsiku lobweza, ndipo mlingo wake umasiyidwa m'manja mwa wolandirayo. Chimene chimaikizidwa kwenikweni ndi ubale. Mtumwi Paulo, m'chaputala 4 cha kalata yake kwa Aroma, anasiyanitsa malipiro a wantchito, amene ndi mangawa a bwana wake, ndi chisomo chimene munthu sachigwirira ntchito. Pa muyeso umenewu mapointi amagwera kumbali ya malipiro, popeza amawerengedwa pa dola iliyonse motsata pangano lolembedwa, ndipo amene sanagule salandira kanthu. Amasiyananso ndi basela wa pamsika, pamene mayi wogulitsa tomato amawonjezera awiri pamulu chifukwa wamuzolowera wogulayo, pakuti mayiyo akhoza kupatsa kapena kusapatsa, ndipo ufulu umenewo ndiwo umachititsa kuti wogula athokoze.

Ngati mapointi ali malipiro, funso lotsatira ndi lakuti akulipira chiyani, ndipo apa ndi pamene zipembedzo zoletsa katapila zimalowerera. Akatswiri ambiri a malamulo a Chisilamu amaona ndalama zoikidwa mu akaunti yotapa nthawi iliyonse ngati qard, kutanthauza ngongole imene mwini ndalama wakongoza banki, popeza banki imazigwiritsa ntchito mwa kufuna kwake ndipo imalonjeza kubweza zonse. Lamulo lodziwika pakati pawo ndi lakuti phindu lililonse limene wokongoza amalipeza chifukwa cha pangano la ngongoleyo ndi riba, ndiko kuti chowonjezera choletsedwa, kaya chibwere ngati ndalama kaya ngati katundu. Motero banki ikalonjezeratu mapointi molingana ndi kuchuluka kwa ndalama zotsala mu akaunti, dzina lokha ndilo lasintha, chinthucho ndi chiwongoladzanja. Mapointi obwera chifukwa chogula katundu, akatswiri ambiri amawaona mosiyana, chifukwa amafanana ndi kuchotsera mtengo, ndipo kuchotsera mtengo n'kololedwa. Thomas Aquinas, m'zaka za m'ma 1200, anafika pafupi ndi maganizo omwewa: anatsutsa kulipiritsa munthu chifukwa chongomubwereka ndalama, koma analola wokongoza kulandira mphatso imene sanaipemphe ndiponso yosachokera m'pangano, lonenedwa kapena lachinsinsi. Pa nthawi imeneyo nkhaniyi sinali yamasewera, pakuti msonkhano wachitatu wa Lateran wa mu 1179 unali utalamula kuti akatapila odziwika asalandire ukaristia ndiponso asaikidwe m'manda mwachikhristu.

Kusiyanitsa kumeneku kumapepuza chikumbumtima cha mwini akaunti, koma kumasiya funso lalikulu lisanayankhidwe, chifukwa kumayang'ana anthu awiri okha, banki ndi kasitomala wake, pamene pa malondawa pali munthu wachitatu amene sasayina pangano lililonse. Munthu akalipira ndi khadi, wogulitsa salandira mtengo wonse. Kagawo kena kamadulidwa n'kupita ku banki imene inapereka khadilo, ndipo gawo lalikulu la mapointi limachokera m'kagawo kameneko. Wogulitsa naye sangosenza yekha mtolowo, amauika pa mtengo wa shuga ndi sopo, ndipo mtengowo ndi umodzi kwa onse, wa khadi ndi wa kashi yemwe. Ofufuza a nthambi ya banki yaikulu ya United States ya ku Boston anapeza mu 2010 kuti mwa njira imeneyi ndalama zimachoka kwa olipira kashi kupita kwa olipira ndi makadi a ngongole, ndiponso, pongoyerekeza, kuchoka kwa mabanja opeza zochepa kupita kwa opeza bwino. Umboni wina wakuti mapointi amayamwa pa kagawo kameneka unaoneka mu 2011, pamene United States inaika malire pa ndalama zimene mabanki akuluakulu angadule pa makadi otapira mu akaunti, mabanki angapo n'kuthetsa mphoto za pa makadiwo. Mayiko a European Union nawo mu 2015 anaika malire a 0.2 peresenti pa makadi otere ndi 0.3 peresenti pa makadi a ngongole.

Apa tsono pali chinthu chimene malamulo akale a katapila sanachiganizire m'maonekedwe amenewa, ngakhale kuti cholinga chawo chinkaloza komweko. Lamulo la m'buku la Eksodo, chaputala 22, loletsa chiwongoladzanja limatchula mwachindunji munthu wosauka, kusonyeza kuti chimene linkateteza ndi wofooka, kuti asadyeredwe masuku pamutu chifukwa cha kusowa kwake. Munthu akhoza kusunga chilembo chonse cha lamulolo, osalandira tambala ya chiwongoladzanja, koma n'kumadya mapointi amene mbali yake yalipidwa ndi wopanda khadi amene waima kumbuyo kwake pamzere. Kunena kuti wolandirayo wachimwa kungakhale kupitirira malire, popeza si iye amene anakonza dongosololi, ndipo akakana mapointi mtengo wa shuga sutsika. Koma mawu akuti zaulere sangaimenso, chifukwa wolipira alipo, wangobisika.

Mwini akaunti nayenso amalipira, ngakhale si ndi ndalama zodulidwa. Ndalama zake zotsala zimagwira ntchito m'manja mwa banki, ndipo mbiri ya zonse zimene amagula imakhala chuma cha sitolo. Tesco ya ku Britain, itayambitsa Clubcard mu 1995, inadziwika chifukwa chosanthula zogula za makasitomala ake mothandizidwa ndi kampani ya dunnhumby, ndipo njira imeneyi yafalikira pafupifupi kulikonse.

Mawu ovuta koposa ndi akuti kukhulupirika. M'chipembedzo ndi m'banja kukhulupirika ndi khalidwe lomanga mbali ziwiri, ndipo kumayesedwa pa nthawi imene kukhalabe kukuwawa, pamene kuchoka kukanapindulitsa. Chimene masitolo amachitcha kukhulupirika ndi kubwerabwera kwa wogula amene akuopa kutaya mapointi amene waunjika, ndipo chingwe chake chimamanga mbali imodzi, pakuti kawirikawiri kampani imadzisungira mphamvu yosintha mtengo wa mapointi ndi malamulo ake, pamene kasitomala alibe mphamvu yotero. Zimenezi zinaonekera poyera ku Canada komweko. Kampani ya Air Miles inalengeza mu 2011 kuti mapointi osagwiritsidwa ntchito kwa zaka zisanu azitha mphamvu kuyambira kumapeto kwa 2016, ndipo tsikulo litayandikira anthu ambiri anathamangira kusinthanitsa mapointi awo ndi katundu amene sankamufuna kwenikweni. Kampaniyo inasintha maganizo kumayambiriro kwa Disembala 2016, pamene nyumba ya malamulo ya chigawo cha Ontario inali pafupi kuvomereza lamulo loletsa kuthetsa mapointi chifukwa cha kutha kwa nthawi kokha, ndipo lamulolo linavomerezedwa mwezi womwewo.

Mphatso yeniyeni sifuna nyumba ya malamulo kuti iitchinjirize kwa woipereka. Aphungu a ku Ontario anawatenga mapointi monga mangawa amene kampani ili nawo kwa ogula, ndipo akatswiri owerengera ndalama amawatenga chimodzimodzi: m'mabuku a kampani, mapointi amene sanawomboledwe amalembedwa kumbali ya ngongole.