Kukunkha m'munda wa eni

Amayi anzanga a Chigwirizano, lero ndabwera ndi nkhani imene mwina muyesa ndi ya ana. Inenso ndinkaiona choncho kufikira tsiku limene mwana wa sukulu anandifunsa funso, ine nkusowa poyambira.

Anali mnyamata wa Giredi 11, wofatsa, wa aja okhala kumbuyo m'kalasi. Anzake ataweruka anandiitanira m'chipinda cha makompyuta kuti ndione chimene anapanga. Anali masewera a pa kompyuta, aja ana athu amati gemu. Anatenga Mario, kamunthu ka kapusi kofiira kamene adzukulu athu amakadziwa kuposa mayina a mafumu a kwawo, nkukabweretsa kuno ku Kabwe. Mario ankalumpha njanji, ankakwera phiri lakuda lija la zotsala za mgodi, ankazemba matakisi pa msika. Miyezi isanu mwanayu akusema zimenezi payekha. Nditatha kuseka, iye anati: "Madamu, ndamva kuti eni ake a Mario amaletsa zotere. Kodi ndiye kuti ndaba?"

Ndinati ndimuyankha mawa. Mphunzitsi akatero, dziwani kuti zamuthina.

Zimene anamva mwanayo nzoona. Mwini wa Mario ndi kampani ya ku Japan yotchedwa Nintendo, imene inayamba mu 1889 mumzinda wa Kyoto ndi kupanga makhadi osewerera. Kampaniyi siseka ndi munthu pa katundu wake. Bambo wina wa ku Argentina, Milton Guasti, ankakonda gemu ya Nintendo ya mu 1991 yotchedwa Metroid II. Anatha zaka pafupifupi 10 akuimanganso mwatsopano pa nthawi yake yopuma, ndipo mu Ogasiti 2016 anaiika pa intaneti kuti wofuna atenge ulere. Patangopita masiku owerengeka makalata a maloya anafika, ntchitoyo nkuchotsedwa. Mwezi womwewo zinagweranso achinyamata ena amene anatha zaka 9 akupanga Pokémon Uranium. Anthu anaikopera koposa 1.5 miliyoni pa sabata imodzi, kenaka opangawo anaichotsa okha poopa mlandu. Onsewa sanagulitse kanthu. Anachita chifukwa cha chikondi.

Mtima wa mayi umathamangira kwa wofooka, ndipo wanga unathamangira komweko. Koma ndinakumbukira makwaya athu. Kwaya imasonkha ndalama chaka chathunthu, kuphika zitumbuwa, kuchita maganyu, kuti ikajambule nyimbo ku situdiyo. Sabata isanathe nyimbozo zili pa msika, mnyamata wa pa kona akuziika m'mafoni a anthu pa mtengo wa tomato, oimba osaonako ngakhale ngwee. Amene munaimbapo mukuudziwa ululu wake. Ndi chifukwa chake dziko lathu lili ndi lamulo la mu 1994 loteteza mwini nyimbo, buku kapena chithunzi, ndipo mu 2013 boma linayamba kumata tizizindikiro tonyezimira pa ma CD enieni pofuna kugwira akuba. Ngati lamulolo ndi labwino likamateteza kwaya yathu, sindingalitche loipa chifukwa lateteza wolemera wa ku Japan. Ku Nintendo nakonso kuli ojambula ndi oimba amene amadyetsa ana awo ndi ntchitoyo. Ndiponso kampaniyo inali ndi chifukwa chake: mu 2017 inatulutsa Metroid II yakeyake yokonzedwanso, ndipo ya ulere ija ikanaima pakhomo pa sitolo yawo.

Komabe usiku umenewo mtima sunakhazikike. Ndinatsegula Katekisma wathu wa Heidelberg pa lamulo lachisanu ndi chitatu. Ambiri timaiwala kuti pamenepo sadzudzula mbala yokha imene boma limalanga; amadzudzulanso umbombo. Lamulo loletsa kuba lili ndi maso awiri. Lina limayang'ana wotenga, lina limayang'ana wosunga.

Apa ndi pamene ndinakumbukira kukunkha. Ife amene tinakulira kum'mawa tikudziwa: eni munda akatha kukumba nsawa, ana tinkalowa ndi timakasu kutola zotsalira, ndipo palibe ankatithamangitsa. Koma wolowa m'mundamo nsawa zisanakumbidwe anali mbala, mudzi wonse unkadziwa kusiyana kwake popanda loya. Pa Levitiko 19 Mulungu anauza eni minda kuti asakolole mpaka m'mphepete, asiyireko osauka ndi alendo. Ndipo Boazi anapitirira lamulo, anauza anyamata ake kuti azimusololera Rute ngala zina dala. Munda unakhalabe wa Boazi. Sanataye umwini posiya m'mphepete. Chimene chimandikhudza ndi chakuti ufulu wokolola zonse akanatha kuufuna, koma Mulungu sanamuwerengere chilungamo pa kuumitsa dzanja. Tisaiwalenso, ife okonda kuimira ofooka, kuti Rute anayamba wapempha.

Fanizo langali limatsimphina penapake, ndivomere. Wokunkha amachotsa nsawa m'munda, pamene mnyamata wanga sanachotse kanthu. Mario wa ku Japan ali komweko, sanachepe. Mwanayu akufanana kwambiri ndi ana athu opanga galimoto za waya. Amaona Toyota pamsewu, nkuipinda ndi manja awo, ndipo sitinaonepo munthu wa ku Toyota akubwera kudzaiphwanya. Luso lonse limayamba choncho. Nthano za Kalulu tinazilandira kwa agogo, aliyense nkuthirako mchere wake. Ineyo kusoka ndinaphunzira posula diresi la mayi anga nkutengera pateni yake. Kusiyana nkwakuti galimoto ya waya imakhala imodzi, imathera pabwalo la pakhomo, pamene gemu ikalowa pa intaneti imaswana kufika miliyoni. Wokunkha mmodzi sasautsa. Mudzi wonse ukalowa m'munda ndi madengu, mwini ayenera kudzuka. Pamenepa ndi pamene pavuta, ndipo amene amati nkhaniyi ndi yapafupi sanaiganizire.

Koma kudzuka sikutanthauza kutenga chibonga nthawi zonse. Kampani inanso ya ku Japan, Sega, mwini wa gemu ya Sonic, inaona mnyamata wa ku Australia, Christian Whitehead, amene anayamba ndi kupanga magemu a Sonic mwa chikondi chabe. M'malo momuopseza inamulemba ntchito, ndipo mu 2017 iye ndi anzake anatulutsa Sonic Mania, imene inakondedwa kwambiri ndi kupindulira kampaniyo. Uyu ndiye Boazi woitanira wokunkha pa chakudya. Naye Guasti, atamuletsa, anamvera, napempha omutsatira kuti asadane ndi Nintendo. Chaka chotsatira kampani ina ya magemu, Moon Studios, inamutenga ntchito. Ine pa anthu onse a m'nkhaniyi, amene ndimamupatsa ulemu ndi iyeyu.

M'mawa mwake ndinamuitana mnyamata uja. Ndinamuuza kuti mumtima mwake sanabe, pakuti sanagulitse ndipo sananame kuti Mario ndi wake. Ndinamuuzanso kuti lamulo lili kumbali ya eni ake: akaiika pa intaneti iwo nkunena kuti chotsa, achotse osanyinyirika, ndipo tsiku limene adzalandirepo ndalama adzakhala ngati uja wa pa kona wogulitsa nyimbo za kwaya. Kenaka ndinamufunsa chimene chinandisowetsa tulo: njanji ndi yathu, phiri ndi lathu, msika ndi wathu, nanga bwanji wolumphayo ndi mlendo?

Ndinati aikepo Kalulu. Anakana, akuti Kalulu ndi wa ana a Giredi 1. Temu yotsatira anandiitananso. Pa kompyuta panali kamtsikana kovala chitenje, beseni la zitumbuwa pamutu, kakuthamangira sitima isananyamuke. Anandipatsa mpando kuti ndiyese. Ndinagwetsa beseni katatu ndisanafike n'komwe pa njanji.