Ana anga, thupi si khasu

Ana anga amene muli ku America, ku Britain ndi ku Joni, tamverani kuno. Mukaimba foni, mawu anu amamveka otopa. Ndikafunsa, mumati mwangoweruka shifiti yausiku ndipo ina ikudikira masana. Mumanena monyadira, ngati kusagona ndi ulemu. Ine zimandidya mumtima.

Gonani, ana anga. Khasu likatha timagula lina kumsika, nanga thupi mukaligula kuti? Mu 2021 mabungwe a WHO ndi ILO analengeza kuti m'chaka cha 2016 chokha anthu 745,000 anamwalira ndi sitiroko ndiponso matenda a mtima chifukwa chogwira ntchito maola 55 kapena kuposa pa sabata. Tawerengani maola anu a sabata yathayi. Ku Japan imfa yotere anachita kuipatsa dzina, karoshi. Matsuri Takahashi, mtsikana wa zaka 24 wa pakampani ya Dentsu, anadzipha pa Khirisimasi mu 2015, atagwira ovataimu yoposa maola 100 m'mwezi umodzi. Anali wa msinkhu wanu.

Inu a ku America mumandiyankha kuti, "Musadandaule, tili ndi inshuwalansi." Musaidalire kwambiri. Kumeneko ambiri amaipeza kudzera kuntchito, ndiye munthu amaopa kupuma kuti angaitaye, mpaka ntchito yomweyo imamudwalitsa. Tsono akadwala, dokotala amatha kulemba chithandizo, kampani ya inshuwalansi n'kukana kulipira. Werengani mapepala anu mudakali athanzi, mudziwe ndalama zimene mudzatulutse m'thumba iwo asanayambe kulipira. Akakukanani musangolira kuchipinda. Chitani apilo, malamulo amalola.

Mkwiyo wa anthu kumeneko pa makampani a inshuwalansi ndikuumvetsa, pakuti kuikira m'bale wako m'manda uli ndi kalata yokana m'manja n'chinthu chowawa. Koma zimene zinachitika pa 4 December 2024 zinandiopsa. Brian Thompson, mkulu wa kampani ya inshuwalansi ya UnitedHealthcare, anawomberedwa pamsewu ku New York, ndipo anthu ambirimbiri pa intaneti anaseka ndi kuwomba m'manja. Inu musalowe nawo m'chiphwete chimenecho. Bambo uja anasiya ana awiri. Kwathu kuno ngakhale amene munalimbirana naye malire a munda akamwalira, mumakagona pasiwa. Sindinakulereni kuti muziseka maliro.

Nafenso kuno tili ndi mlandu, ndisabise. Lero fizi, mawa feteleza, mkuja malata, ndipo sitifunsa kuti ndalamazo mwazitaya tulo tingati. Phunzirani kutiuza kuti mwezi uno palibe. Tidzang'ung'udza pang'ono, koma tidzadya ndithu. Moyo ndi mpamba.

Lamulungu likubwerali musatenge shifiti. Phikani nsima, mudye mutakhala pansi. Pitani mukayezetse BP, ndipo mukaimba mundiwerengere manambala ake. Malata aja ayambe adikira, denga laudzu lidakalimba.