Mphunzitsi wa Cingerezi akacoka, walakwira ndani?

Ndimaphunzitsa Cingerezi kuno ku Angónia. Anzanga angapo anasiya coko n'kupita kukamasulira mawu ku migodi ya malasha ku Moatize. Makolo amati ndi dyera. Ine sindifulumira kutero.

Ambiri a msinkhu wathu Cingerezi tinaciphunzira ku Malawi tili othawa nkhondo, mtendere wa 1992 usanafike. Aphunzitsi a ku Dedza ndi ku Ntcheu anatilandira m'makalasi odzaza kale. Imeneyo ndi ngongole, ndipo eni ake sitingawabwezere. Conco imagwera kwa mwana amene ali pamaso pathu, woyankhula Cinyanja pakhomo, wolemba mayeso m'Cipwitikizi, amene mawa adzafunika kuwerengera amayi ake pepala la mankhwala ogula tsidya linalo.

Komabe mphunzitsi naye ali ndi ana, ndipo nyengo ya fetereza siidikira malipiro. Mwana akaphunzira bwino timasangalala kuti apita kutali. Nanga mphunzitsi wake tim'tsekerenji njira yomweyo? Ciyankhulo cipindulire onse kupatula amene wacipereka?

Ine mlandu ndimauona pa kacokedwe. Wina amasowa pakati pa caka, osatsanzika, ana n'kukhala miyezi akuyang'ana bolodi lopanda kanthu, mayeso n'kuwapeza conco. Ameneyo sindim'teteza. Mnzanga wina anadikira caka cithe, anasiyira sukulu dikishonale yake, ndipo asanapite anakhala masabata awiri akuonetsa mtsikana wolowa m'malo mwake ana amene amaopa kutsegula pakamwa m'kalasi.