Lumbiro la Wapaulendo

Ku Chunga, pafupi ndi Matero mu mzinda wa Lusaka, kuli mnyamata wina amene analandira kalata yomuitana ku India kukaphunzira nchito ya madzi ndi mipope zaka zinai. Anaisankha nchitoyi ataona kolera ya mu 2024, pamene odwala anacuruka kufikira bwalo la mpira la Heroes linasanduka cipatala. Pasipoti ili m'manja, sutukesi inagulidwa, ndipo kwatsala masabata awiri. Usiku tulo sitibwera msanga. Amayang'ana mapu, nayeza ndi cala nyanja ya mcere imene sanaionepo cibadwire, mtima ukugunda ngati wa mlenje woona mapazi a njobvu.

Koma m'nyumbamo muli ambuya ace, amene anamlera ndi ndalama za zitumbuwa ndi za cilimba. Madzulo ena nkhalambayo inati, "Mdzukulu wanga, lumbira kuti udzabwera kudzandiika ndi manja ako." Manda a Chunga sali kutali ndi khomo lao, ndipo onse awiri adziwa kumene mauwo aloza. Kuyambira tsikulo cimwemwe ca mnyamata casanganizika ndi manyazi, monga ngati kukondwera ndi ulendo ndiko kukana mwini nyumba.

Kodi alumbire? Funso limeneli ndi lakale. John Chilembwe anapita ku America mu 1897, nabwerera mu 1900 kudzamanga mishoni ku Chiradzulu. Simon Kapwepwe anapita ku Bombay mu 1950, nabwera mu 1955 kudzalowa m'nkhondo ya ufulu. Masiku amenewo ophunzira anali owerengeka. Pamene Zambia analandira ufulu mu 1964, nzika zokhala ndi digiri zinali ngati 100 cabe, ndipo Yunivesite ya Zambia inatsegulidwa mu 1966. Wopita kutsidya kwa nyanja anasenza maso a dziko lonse.

Koma taonani Dr. Hastings Banda. Iye anacoka ku Kasungu ali mnyamata, nafika ku America mu 1925, ndipo anabwerera kwao mu 1958, zitapita zaka zoposa 40. Anabwera ndithu, anthu namlandira ndi nthungululu. Komatu poyankhula nao pamisonkhano anafuna womasulira. Apa mpamene pagona nkhani. Thupi likhoza kubwera, lilime litatsala kwina. Makolo a kum'mawa anali ndi dzina la munthu wopita ku Joni kapena ku Wankie osamvekanso: ankati mchona. Sanamdzudzule cifukwa ca kutalika kwa njira, pakuti iwo omwe anamperekeza. Cimene cinawawa ndi cete wace, zaka kupita popanda kalata ngakhale bulangete.

Tsono lumbiro liyenera kukhala pa cinthu cimene munthu ali naco mphamvu. Tsiku la imfa silili m'manja mwa mdzukulu, ndiponso mtengo wa ndege sulingana ndi thumba la mwana wa sukulu. Akalumbira, adzakondweretsa nkhalamba usiku umodzi, nadzasenza bodza zaka zinai; ndipo uthenga wa maliro ukadzamupeza pakati pa mayeso, adzadziyesa wotembereredwa pa mlandu umene sanapalamule. Kukana mouma nakonso ndi nkhanza, pakuti ambuyawo sapempha pangano la kukhoti. Ali kufunsa ngati adzakhalabe munthu m'maso mwa mwana akadzaona zazikuru. Funso lotere limayankhidwa ndi zazing'ono zimene mnyamata angathe: lamya ya Lamulungu liri lonse, m'cinenero cimene anamlera naco, ndi kusacita manyazi pochula Chunga pamaso pa anzace a maiko ena.

Nawonso otsala asamangoloza cala. Ncapafupi kunena kuti wophunzira abwerere kudzatumikira dziko. Koma akabwera ndi mapepala ace nayenda maofesi caka cathunthu osapeza nchito, ndani waswa pangano? Ndipo za manyazi aja, nzosayenera konse. Nkhalamba imene inadzuka mbandakuca zaka zonsezi kukazinga zitumbuwa inafuna ciani, ngati si tsiku lomweli? Cimwemwe ca mnyamatayo ndico cimene iwo anagula.

Pa Sabata lotsiriza mnyamata anagwada pamphasa nati, "Ambuya, za tsiku limenelo sindingalumbire, pakuti mwini wace ndi Mulungu. Koma mau anga mudzawamva sabata ndi sabata, ndipo ndikatsiriza ndidzabwera." Nkhalamba sinayankhe. Inakhala nthawi ikuyang'ana pansi, kenaka inatuma mwana kukatenga mthiko watsopano ndi kathumba ka nsinjiro, niti aziike pansi peni peni pa sutukesi, kuti mabuku asaziphwanye.